Netiweki ikagwa mu Lusaka, chimatsala n'chiyani?

Anthu akamakamba za kudalira foni ndi intaneti, nkhani imathamangira kwa achinyamata: mwana sadzutsa mutu pa TikTok, mtsikana wapsereza ndiwo chifukwa cha WhatsApp, m'minibasi ya ku Matero palibenso wocheza ndi mnzake. Dandaulo limeneli lili ndi pake, koma si pamene pagona nkhani. Munthu akhoza kusiya TikTok mawa lomwe lino osagona ndi njala. Kudalira kwenikweni kumaoneka mukafunsa funso lina: netiweki itazima m'mawa uno n'kudzabwera mkuja, ndi zinthu ziti zimene munthu wa ku Chawama kapena ku Mtendere angachitebe mwa njira yakale?

Zaka 15 zapitazo yankho likanakhala lakuti pafupifupi zonse. Ndalama za kumudzi zinkapita m'envulopu ndi kondakitala wa basi ya ku Chipata pa Intercity, kapena kudzera ku positi. Talktime inali kakhadi kokala ndi chikhadabo. Lendi inkaperekedwa pamanja, landilodi n'kulemba m'kabuku. Njira zimenezi zinali zochedwa, zina zoika moyo pachiswe, ndipo maenvulopu ena sankafika. Palibe wanzeru amene akuzilira. Koma zinalipo. Chimene chachitika n'chakuti njira yatsopano itatseguka, yakale inayamba kumera thengo monga imachitira njira ya kumunda anthu akasiya kuyendamo, ndipo tsiku limene yatsopanoyo yatsekeka, munthu amapeza kuti kobwerera kulibe.

Zambia sinachedwe pa zinthu izi. Mu 1994 kampani ya ZAMNET, yomwe inabadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti pamene mayiko ambiri a mu Africa anali asanayambe n'komwe. Kulipira pafoni kunayamba kuno mu 2002 ndi Celpay, zaka 5 M-Pesa ya ku Kenya isanabadwe. Koma izi zinali za maofesi ndi makampani akuluakulu. Chimene chinafikitsa zinthuzi kukomboni ndi foni yotchipa ndi kulimbirana makasitomala kwa makampani atatu: MTN, yomwe inagula Telecel mu 2005, Airtel, yomwe kale inali Celtel kenako Zain, n'kudzatenga dzina ili mu 2010, ndi Zamtel ya boma. Pamsana pa foni panakwera mobile money. Kafukufuku wa FinScope anapeza kuti mu 2015 akuluakulu 14 okha mwa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito mobile money. Pofika 2020 anali atapitirira 58. Chaka chomwecho mabanki, amene akhala m'dziko muno zaka zoposa 100, anali ndi munthu mmodzi yekha mwa asanu.

Pali chinthu china chimene anthu a m'tauni amaiwala. Kafukufuku wa mu 2022 wa ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, anaonetsa kuti nyumba imodzi yokha mwa zitatu m'dziko muno ndiyo inali ndi intaneti. Ndiye ambiri mwa anthu odalira netiweki sali pa Facebook ayi. Ambuya a ku Chadiza okhala ndi kafoni ka mabatani sanatsegulepo tsamba lililonse la pa intaneti, koma ndalama zawo za mchere ndi sopo zimadutsa m'zingwe ndi m'makompyuta omwewo.

K200 yopita ku Katete

Tiyeni titsatire K200 imodzi. Mayi wogulitsa tomato pa Soweto Market akufuna kutumizira amayi ake ku Katete. Waima pa buti, imodzi mwa mabuti ofiira, achikasu ndi obiriwira amene andanda m'mbali mwa Lumumba Road mpaka kutsekereza oyenda pansi. Mkatimo muli mtsikana, mafoni atatu a mabatani, pawa banki, kabuku kolembamo manambala, ndi kachikwama ka m'chiuno kotupa.

"Asisi, ndiikireni 200 pa nambala iyi."

"Float yatha, amayi. Ngati mukuchotsa bwerani, koma kuika ayi. Yesani kwa anzangawo."

Mtsikanayu ali ndi matumba awiri. Lina ndi kachikwama kaja, momwe muli ndalama za pepala. Lina ndi ndalama za mufoni, zimene onse amazitcha float. Mukamupatsa K200 ya pepala, iye amachotsa K200 pa float yake n'kuikankhira ku nambala yanu. Mukabwera kudzachotsa, zimatembenuka: float yake imakwera, chikwama n'kuphwa. Choncho pamsika waukulu, pamene ambiri amabwera kudzaika zimene agulitsa, float imatha msanga. Ku Katete, kumene ambiri amabwera kudzachotsa zimene atumiziridwa, float imadzaza koma ndalama za pepala n'zimene zimasowa. K200 imodzi yomweyo ikhoza kukanika kuno chifukwa cha float, n'kukakanikanso uko chifukwa cha kashi. Wa pabuti amadya komishoni yochepa pa ntchito iliyonse, ndiye mpamba wake ukakhala waung'ono, tsiku lake limathera kuthamangira kubanki kapena kwa ejenti wamkulu kukasinthitsa thumba ili ndi linalo.

Nanga ndalama za mufonizo zimakhala kuti? Sizili mufoni, sizili mu SIM. Ndi nambala yolembedwa m'makompyuta a kampani pafupi ndi dzina lanu. Malamulo a Bank of Zambia amafuna kuti kwacha iliyonse ya mufoni ikhale ndi inzake yeniyeni yosungidwa kubanki, mu akaunti yapadera imene kampaniyo singaisakanize ndi ndalama zake zoyendetsera bizinesi. Ichi n'chabwino: foni ikagwera m'ngalande nthawi ya mvula ku Kanyama, ndalama sizinyowa. Koma zikutanthauzanso kuti simungakhudze ndalama zanu popanda kompyuta ija kuvomera, ndipo kuti mufike kwa iyo pafunika njira.

Njira yake ndi iyi. Mukaimba *115# simufunika bundle, chifukwa uthengawo umayenda pa USSD, njira yakale ya mafoni onse. Koma umafunika nsanja ya netiweki yoyaka. Kuchokera pansanjapo umalowa m'chingwe cha fibre, kapena kudumpha kuchoka pambale ya nsanja ina kupita pa inzake, mpaka kumakompyuta aakulu a kampani. Kumeneko amaona PIN, amaona ngati ndalama zikukwana. Ngati wolandira ali pa netiweki ina kapena kubanki, uthenga umadutsanso pa National Financial Switch, yomwe imayendetsedwa ndi Zambia Electronic Clearing House. Kenako meseji imayenda makilomita pafupifupi 500 kulowera kum'mawa, kukatsikira pansanja ya ku Katete, yomwe nayonso iyenera kukhala yoyaka, kukalowa mufoni yomwe iyenera kukhala yotchaja. Zonse zikakhala bwino, izi zimatha munthu asanabweze foni m'thumba.

Zikavuta, chowawa kwambiri si kukanika koonekeratu. Ndi kukanika kwa pakati: ndalama zachoka kwa wotumiza koma meseji sinafike kwa wolandira. Wa pabuti sangapereke kashi asanaone meseji, chifukwa ikapanda kufika alipira yekha. Kasitomala sangachoke chifukwa foni yake ikuonetsa kuti zapita. Onse awiri amangoyang'ana kafoni kamodzi.

"Tidikire meseji, amayi."

"Mwanawe, ndasiya tomato ndi munthu wosamudziwa."

Palibe mwa awiriwa amene walakwa, ndipo palibe amene angakonze. Amene angakonze ali kuseri kwa nambala ya customer care, yomwe nayonso imafuna netiweki yomweyo.

Pansi pa zonse pali madzi a Kariba

Chaka cha 2024 chinaonetsa poyera chimene chanyamula zonsezi. Magetsi opitirira 80 peresenti a dziko lino amapangidwa ndi madzi, makamaka pa Kariba North Bank, ya mamegawati 1,080, pa Kafue Gorge yakale ya 990, ndi Kafue Gorge Lower ya 750. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Mu March ZESCO, kampani ya boma ya magetsi, inayamba kuzimitsa malaiti maola 8 patsiku. Pofika September, pa makina 6 a ku Kariba North Bank panali pogwira ntchito amodzi okha, ndipo nyumba zambiri zinkaona malaiti maola atatu patsiku, nthawi zina osawaona n'komwe.

Nsanja ya netiweki imadya magetsi usana ndi usiku. Nsanja zambiri si za makampani a mafoni enieniwo. Anazigulitsa kwa makampani ena monga IHS Towers, ndipo amachita lendi. Pansi pa nsanja pamakhala mabatire, ndipo zambiri zili ndi jenereta. Mabatirewo anawaika poganizira kuzima kwa maola ochepa, malaiti n'kubwera, iwo n'kudzazanso. Malaiti akamabwera maola atatu okha, batire silidzaza, ndipo likamaphweratu tsiku ndi tsiku limafa msanga. Zikatero mtolo wonse umagwera jenereta, yomwe inapangidwa kuti izithandizira, osati kulira sabata yathunthu. Jenereta imafuna dizilo, ndipo dizilo wathu amagulidwa ndi madola, wambiri n'kubwera m'paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, wina pamathanki a m'misewu. Kenako galimoto iyenera kukamuthira pansanja iliyonse, ndi mlonda woti akuba asamukhuthule kapena kunyamula mabatire. N'chifukwa chake m'miyezi imeneyo malaiti akapita, patapita maola angapo timizere ta netiweki pafoni tinkayamba kutsika.

Tsopano taonani m'mene chingwechi chimazungulirira. Mita ya ZESCO ya m'nyumba zambiri ndi yolipiriratu: mumagula mayunitsi, mumalandira manambala 20, mumawabaya pamita. Anthu ambiri amagula mayunitsiwo pa mobile money. Ndiye kuti mugule magetsi mufunika foni yotchaja ndi netiweki, netiweki ikufuna magetsi, magetsi akufuna madzi a Zambezi, ndipo madziwo akudalira mvula imene inagwa kapena sinagwe ku North-Western Province ndi ku Angola miyezi ingapo yapitayo. Panali mabanja amene malaiti anabwera 2 koloko usiku, mita n'kukhala ilibe mayunitsi, netiweki yokana, maola atatu aja n'kutha ali mumdima anzawo akusita zovala. Owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga ndi Garden, amene ankagona pashopu kudikira malaiti, ankataya zambiri kuposa zovala zosasita.

Pali zimene zikuchitika. Siteshoni ya malasha ya ku Maamba, ya mamegawati 300, anayamba kuikulitsa mu 2024, ndipo mu 2025 ku Chisamba kunatsegulidwa munda wa sola wa mamegawati 100. Koma yerekezani 100 ameneyo ndi 1,080 wa ku Kariba, ndipo kumbukirani kuti sola imagona dzuwa likalowa.

Intaneti yathu imalowera pakhomo la eni

Zambia ilibe nyanja yamchere, pamene pafupifupi zonse zoyenda pa intaneti pakati pa makontinenti zimadutsa m'zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja. Kum'mawa kuli SEACOM, yomwe inayamba ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Kumadzulo kuli WACS ya mu 2012, yomwe imatulukira pa Swakopmund ku Namibia, komwenso chingwe cha Google chotchedwa Equiano chinafikira mu 2022. Kuti tifike ku zingwezi, fibre yathu imadutsa m'mayiko a anzathu, kudzera m'malire monga Nakonde, Chirundu, Kazungula ndi Sesheke. Ina imakwiriridwa m'mbali mwa msewu, komwe makina okumba ngalande amaidula kawirikawiri. Ina ZESCO inaipachika pamwamba pa mizere yake ikuluikulu ya magetsi.

Zingwe za m'nyanja zimaduka ndithu. Pa 14 March 2024 zingwe zinayi zinawonongeka nthawi imodzi kufupi ndi Côte d'Ivoire, mabanki ndi maofesi n'kusokonekera kuyambira ku Ghana ndi Nigeria mpaka ku South Africa. Pa 12 May chaka chomwecho EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi Durban, ndipo Tanzania, Malawi ndi Mozambique anavutika kwa masiku angapo. Kukonza kwake kumafuna sitima yapadera yokavuula chingwe pansi pa nyanja, ndipo sitima zotere n'zowerengeka. Imodzi yodziwika, Léon Thévenin, imakhala ku Cape Town n'kumatumikira gombe lalitali la Africa. Mwayi wa Zambia ndi wakuti ili ndi anansi 8, choncho zingwe zimatulukira mbali zingapo, ndipo chimodzi chikaduka katundu amakankhidwira ku zotsalazo. Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito kuno mu October 2023, imalambalala zonsezi podzera m'mlengalenga. Koma ndi ya kampani imodzi ya ku America, mtengo wake si wa munthu wa pakantemba, ndipo mbale yakeyo nayonso imafuna magetsi.

Ngakhale zingwe zonse zitakhala bwino, pabwalo pamene timachitira malonda pali eni ake. Wogulitsa salaula amajambula diresi n'kuiika pa status ya WhatsApp. Magulu a chilimba ndi village banking amasunga mbiri ya amene wapereka m'gulu la WhatsApp. Uthenga wa maliro, mndandanda wa zopereka, chidziwitso cha kusukulu ya ana, pulogalamu ya kwaya, zonse zili momwemo. WhatsApp, Facebook ndi Instagram ndi za kampani imodzi, Meta, ya ku California. Pa 4 October 2021 zitatuzi zinazima pamodzi dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6, kuno kuli madzulo, chifukwa akatswiri a kampaniyo analakwitsa posintha makina awo. Palibe Mzambia amene anafunsidwa, palibe amene anapepesedwa ndi ndalama, ndipo palibe ofesi mu Cairo Road imene munthu akanapita kukadandaula. Zomwezo ndi madalaivala a Yango, app yoitanira takisi pafoni, yomwe inafika mu Lusaka mu 2022. Yawabweretsera makasitomala amene sakanawapeza ataima pa renki, inde, koma mtengo wa ulendo umanenedwa ndi app, ndipo akaunti ikatsekedwa dalaivala amakhala ndi galimoto yopanda ntchito, ngongole yake ikuyendabe.

"System ili down"

Boma nalo lasamukira komweko, ndipo mwa dala. Alimi a FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, anayamba kulandira zipangizo kudzera pa e-voucher mu 2015. Mu 2023, lamulo litalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za penshoni ku NAPSA, kufunsira kwake kunali kwa pa intaneti. Bungwe lotolera misonkho la ZRA linabweretsa Smart Invoice mu 2024, kuti malisiti a mabizinesi olembetsa VAT azionekera kwa okhometsa msonkho nthawi yomweyo. Zotsatira za mayeso zimabwera pa SMS. Msonkho wa galimoto ndi ziphaso zambiri zimalipiridwa pa ZamPortal. Bank of Zambia inalengeza kuti macheke atha ntchito mu 2026.

Ine ndili kumbali ya kusinthaku, ndipo chifukwa chake aliyense amene anaimapo pamzere wa ofesi ya boma kuyambira m'mamawa akuchidziwa. Kompyuta sipempha ya drinki, siuza munthu kuti fayilo yasowa kuti akumbukire kulowetsa dzanja m'thumba. Ndalama zolipiridwa pafoni zimafika m'thumba la boma, osati la kalaliki. Koma pali mawu atatu amene alowa m'malo mwa fayilo yosowa: "System ili down." Akanenedwa, nkhani yatha. Kalaliki sangalembe pamanja chifukwa mabuku a malisiti anachotsedwa, ndipo ngakhale atafuna kukuthandizani alibe chochita. Munthu amene wakwera mabasi awiri kuchokera ku Bauleni, wasiya ntchito ya tsikulo, amauzidwa kuti abwere mawa. Ndipo kwa amene sadziwa kudzaza fomu pa intaneti, pabuka anyamata a malaputopu pafupi ndi maofesi, amene amadzazira anthu pamtengo. Munthu wa pakati amene kompyuta inabwera kudzamuchotsa wabwereranso, ndipo ulendo uno akutsala ndi nambala ya chitupa chanu cha NRC, nambala ya foni ndi password yomwe.

Chinthu chimene anthu sangathe kukhala opanda icho n'chosavuta kuchikhometsa msonkho, n'chosavutanso kuchitseka. Mu August 2018 boma linalengeza zoti oimba foni kudzera pa WhatsApp ndi zinzake azilipira 30 ngwee patsiku, ndipo kunabuka phokoso lalikulu. Mu January 2024 kunayamba msonkho pa ndalama zotumizirana pa mobile money, womwe unakwezedwa mu 2025. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook, Twitter ndi Messenger zinatsekedwa m'dziko muno anthu ali pamizere yovota. Bungwe la Chapter One Foundation linatengera ZICTA kukhoti, High Court n'kulamula kuti zitsegulidwe. Mu 2022 mbali ziwirizi zinagwirizana pamaso pa khoti kuti ZICTA sidzatsekanso intaneti kunja kwa mphamvu zimene lamulo limaipatsa, ndiponso kuti kukakhala kusokonekera izidziwitsa anthu chifukwa chake pasanathe maola 36. Anthu ambiri anaphunzira VPN, njira yolambalala potsekedwa pa intaneti, tsiku limenelo. Amene ankadikira oda ya makeke kapena uthenga wa wodwala ku chipatala cha UTH sanali pa ndale, koma anatsekeredwa limodzi.

Mkangano wa malamulo sunathe. Lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act la mu 2021, lomwe Pulezidenti wa nthawiyo a Edgar Lungu anasaina ndipo a Hichilema ali otsutsa analidzudzula, linalowedwa m'malo mu April 2025 ndi malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Boma likuti cholinga ndi kuthana ndi akuba a pa intaneti ndipo kumvetsera mauthenga a munthu kumafuna chilolezo cha khoti. Law Association of Zambia ndi mabungwe ena akuti mphamvu zoperekedwazo zachuluka ndipo mawu ena ndi otambalala moti angagwire aliyense. Chimene chikupatsa mkanganowu kulemera n'chakuti foni yomwe ikukambidwayo ndi yomwe ili ndi ndalama zanu, makasitomala anu ndi mbiri ya kulikonse kumene mwapita.

Akubawo aliko ndithu. Palibe mwini foni mu Lusaka amene sanalandirepo meseji yakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, dzina lituluka lakuti. Imatumizidwa kwa anthu masauzande, podziwa kuti mwa iwo alipo amene analonjezadi kutumizira wina ndalama tsikulo. Ena amaimba ngati a kampani ya foni n'kupempha PIN. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission ndi apolisi anathyola nyumba ina m'dera la Roma mu Lusaka n'kugwira anthu 77, pamodzi ndi ma SIM khadi opitirira 13,000. Achinyamata a kuno ankalembedwa ntchito ngati ya call centre, n'kumapatsidwa mawu okanyengerera anthu a m'mayiko ena, ndipo mu June chaka chomwecho nzika 22 za ku China zinalamulidwa kukakhala kundende zaka 7 mpaka 11. Ngakhale Bank of Zambia yeniyeniyo inalowereredwa mu May 2022 ndi gulu lotchedwa Hive, lomwe limatseka makompyuta n'kufuna dipo. Bankiyo inakana kulipira.

Koma vuto limene ndimaliona lalikulu n'losachita phokoso. Kakhadi ka SIM kasanduka kiyi wa zonse. Kamalembetsedwa ndi NRC, ndipo pa nambala imeneyo pamangiriridwa mobile money, akaunti ya kubanki, WhatsApp, NAPSA, ndi timanambala tachinsinsi totsimikizira kuti ndinudi. Foni ikasololedwa pa Kulima Tower, simunataye foni yokha. Kwa masiku angapo simungatsimikizire makina alionse kuti ndinu. Kumudzi n'kovutirapo. Makolo ambiri ali ndi SIM yolembetsedwa m'dzina la mdzukulu, PIN akuidziwa ndi mdzukuluyo, ndipo ndalama zimene mwana wa ku Lusaka watumiza zimafika zitadyedwako. Mwini nambala akamwalira, ndalama za mufoni sizituluka ndi misozi: pafunika kalata ya imfa ndi pepala la ku local court losankha woyang'anira chuma cha masiye, zinthu zimene banja lingawononge ndalama zambiri pozitsata kuposa zimene zili mufonimo. Onjezerani apo kuti foni yomweyo imakongoza. Talktime ikatha pali Siliza, ndalama zikatha pali Kongola, ndipo makampani a kubetcha analumikiza masewera awo ku chikwama chomwecho. Kale wofuna kaloba ankayenda n'kukaonana maso ndi maso ndi wokongoza, wofuna juga ankatuluka m'nyumba anthu akumuona. Lero zonse ziwiri zimatheka pabedi pakati pa usiku, mkazi ali mtulo pambali.

Netiweki ikagwa siigwera onse mofanana. Nyumba ya ku Kabulonga ili ndi sola padenga, inverter, fibre, mwina ndi Starlink yomwe, makhadi a mabanki awiri ndi galimoto yopitira kumene zinthu zikugwira. Kwa iwo kugwa kwa netiweki n'kokwiyitsa chabe. Wogulitsa pamsika wadzipangira chitetezo chake ndi zimene angathe: ma SIM awiri kapena atatu, kafoni ka mabatani kosunga moto masiku angapo, pawa banki, kulipira pakantemba ka sola kuti amutchajire, ndi kandalama ka pepala komangidwa pachitenje. Zonsezi n'zogula. Makampani ndi maofesi asunga ndalama potseka makauntala ndi kusiya mapepala, koma mtengo wokhala ndi njira yachiwiri sunathe. Wangosamukira kwa munthu amene ali ndi zochepa.

Apa m'pamene ndikuona kuti malamulo atsalira. Ofesi ya boma imene yasamutsira ntchito pa intaneti iyenera kukhala ndi njira yolandirira munthu pamanja tsiku limene makina akana, n'kudzalowetsa mukompyuta pambuyo pake, monga zipatala zimachitira makompyuta awo akazima. Ndalama zokakamira pakati ziyenera kubwerera zokha m'nthawi yodziwika, munthu asanapite kukaima pamzere. Nsanja za m'makomboni odzaza anthu zikufunika sola ndi mabatire oganizira chilala ngati cha 2024, chifukwa cha 2015 ndi cha 2019 zinali zitachenjeza kale. Ndipo ndalama za pepala zisamaonedwe ngati chinthu chochititsa manyazi choyenera kuthetsedwa msanga; Bank of Zambia yomwe inatulutsa zatsopano mu 2025, kuphatikizapo K200 ndi K500.

Pakadali pano amalonda a pa Soweto ndi City Market ali ndi yankho lawo, ndipo ndi kabuku ka ngongole. Netiweki ikakana, kasitomala wodziwika amanyamula bokosi lake la tomato, dzina n'kulembedwa, ndalama adzatumiza ikabwera. Amene wabwera koyamba, kapena amene anavutapo kulipira, amauzidwa kuti akafune kashi, ndipo mabuti onse a mumsewuwo amakhala akudikira netiweki yomweyo.